K150,000 ya m'thumba la zadzidzidzi inapita bwanji kukampu ya masikawuti?

Amake mapasa: Zikomo nonse. Ndabwerako ku Dedza dzulo usiku, bambo anga tinawayika Lachisanu. Amene munabwera kudzandipepesa, Mulungu akudalitseni. Koma ndili ndi funso kwa a komiti ya banki m'khonde yathuyi. Lamulo lathu limati membala akaferedwa kholo, mwamuna kapena mwana alandire K100,000 ya m'thumba la zadzidzidzi. Ine ndinapatsidwa K55,000, ati yotsala ibwera. K45,000 ndachita kutenga katapila kuti bokosi la maliro ligulidwe. Ndalama yathu ili kuti?

Mlembi: Pepani mayi. M'buku mwanga muli chonchi: tilipo 22, aliyense K500 pa sabata, masabata 30, ndi K330,000. Tinatulutsa K100,000 pa maliro a mu Malichi ndi K25,000 ya matenda. Panayenera kukhala K205,000. K150,000 ikusowayo sindinailembe paliponse, chifukwa sinatulukire pamsonkhano.

Abambo a kabaza: Ndiye inatulukira kuti? Bokosi la ndalama lili ndi maloko atatu, makiyi ali kwa anthu atatu.

Msungichuma: Sindibisa. Bokosi linatsegulidwa kunyumba kwanga Lachitatu madzulo, kutatsala tsiku limodzi kuti ana anyamuke kupita kukampu. Aphunzitsi anabwera atathedwa nzeru, anati abweza Lamulungu lisanafike. Ndinawakhulupirira.

Aphunzitsi: Ndiyankhe ndekha, asamanyozedwe mayiwa chifukwa cha ine. Kampu tinaikonza kuyambira mu Meyi, kuti sukulu zikatsekera ana 24 akagone sabata yathunthu ku Dzalanyama. Tinagwirizana ndi makolo K25,000 mwana aliyense: ya lole kupita ndi kubwera, ufa, nyemba, usipa, soya, shuga, mafuta ophikira ndi mankhwala a m'kabokosi ka chithandizo choyamba. Makolo 18 analipira. Ana 6 analibe, ndipo 4 mwa iwo ndi ana a mamembala a gulu lino. Awiri enawo amakhala ndi agogo awo okha. Mwini lole anati popanda ndalama yonse galimoto siidzuka. Ana anali atachapa kale mayunifolomu, masikafu atasita, mabulangete atamanga. Ndikanawauza chiyani asanu ndi mmodziwo? Kuti anzanu akwere, inu mubwerere kunyumba?

Abambo a kabaza: Mukanatiuza ife. Foni muli nayo, gulu ili ndi lomweli tikulembamoli.

Aphunzitsi: Ndinaopa kuti mukana.

Abambo a kabaza: Ndiye mlandu wake ndi umenewo aphunzitsi. Munadziwa kuti tikana, n'kupita usiku. Ine K500 imeneyo ndimaipeza ndikupalasa njinga kuchoka pa Chinsapo mpaka ku Likuni, munthu ali kumbuyo, dzuwa lili pamutu. Ndimaiponya kuti tsiku loipa likandipeza ndisachite manyazi.

Atelala: Ine wanga ndi mmodzi mwa anayi aja, ndipo sindikana. Koma ndinene chinthu chimodzi, anthu asaganize kuti ndalama inakathera ku masewera. Mnyamata wanga uja ankalephera ngakhale kutsuka mbale yake. Wabwera akudziwa kukhoma tenti, kumanga mfundo zoti chingwe sichimasuka, kusonkha moto ndi machesi amodzi. Ankaphika okha m'timagulu ta anthu 6, lero uyu nsima, mawa uyu ndiwo, wina kotunga madzi. Akuti usiku kumazizira zoopsa, ankagona atathinana. Anawaonetsa timitsinje tomwe timakakhala mtsinje wa Lilongwe, madzi omwe timamwa m'tauni muno, ndi zitsa za mitengo imene yathera makala. Dzana mlongo wake anadzicheka ndi mpeni, iyeyo ndi amene anatsuka bala n'kumanga bwinobwino. Ine ndinangoima kumuyang'ana.

Amake mapasa: Mayi, palibe akunena kuti kampu inali yoipa. Anga akakula ndikufuna adzapitenso. Koma pamene wanu ankaphunzira kumanga mfundo, ine ndinali kugogoda pakhomo pa munthu wa katapila, maso atatupa ndi kulira.

Atelala: Zoona mayi, pamenepo ndilibe mawu. Pepani.

Aphunzitsi: Kampu si chinthu chongowonjezera pa usikawuti. Baden-Powell anayamba ndi kampu, mu Ogasiti 1907 pachilumba cha Brownsea ku England, ndi anyamata 20 okha. Mwana amene sanagonepo kutchire ndi anzake amakhala sanalawe usikawuti weniweni. N'chifukwa chake sindinafune kusiya ndi mmodzi yemwe.

Wapampando: Aphunzitsi, mbiriyo tamva. Koma ana omwewo mumawalumbiritsa kuti sikawuti akhale wokhulupirika ndi wokonzeka nthawi zonse. Thumba la zadzidzidzi ndiko kukonzeka kwathu ifeyo. Tsopano a makiyi ayankhe. Kiyi woyamba ali ndi a tomato, wachiwiri agogo, wachitatu achimwene a kugolosale.

Agogo: Ine kunabwera mwana, ati msungichuma akufuna kiyi akonze loko wachita dzimbiri. Ndinapereka. Za ndalama ndazimva lero lino.

Msungichuma: Agogo akunena zoona. Ndinatuma mwana ndi mawu amenewo. Ndinalakwa.

Achimwene a kugolosale: Ine ndinadziwa ndipo ndinalipo. Ndinawerenga nawo.

Amayi a tomato: Kiyi ndinapereka, koma anandiuza kuti ndi ngongole ya masiku anayi ya aphunzitsi. Sanandiuze kuti K25,000 ina ikulembedwa pa mwana wanga. Ine ndinanena poyera kuti chaka chino sapita, bizinesi yavuta, tomato akuolera pabenchi. Ndinangoona mwana akulongeza chikwama, ati aphunzitsi anena kuti zatheka. Lero mundiuze kuti ndili ndi ngongole imene sindinapemphe?

Aphunzitsi: Munati tiona, mayi.

Amayi a tomato: Tiona ndi eya?

Abambo a kabaza: Nkhani isatalike. Yonse K150,000 ilembedwe pa aphunzitsi ngati ngongole, ndi chiwongoladzanja chathu cha 20 peresenti. Abweze K180,000, akatolere okha kwa makolowo.

Mlembi: Sizingatheke. Munthu amakongola mpaka katatu pa masheya ake. Aphunzitsi ali ndi masheya a K35,000, malire awo ndi K105,000. Tikaswa lamulo lina pofuna kukonza loyamba, pogawana mu Disembala tidzakanganiranso pomwepa.

Atelala: Yanga K25,000 ilembeni pa ine, ndibweza K30,000. Mwana anadya ndi wanga.

Amake Junior: Inenso chimodzimodzi.

Achimwene a kugolosale: Ndi ine wachitatu.

Amayi a tomato: Ine ndibweza K25,000 yokhayo, K5,000 pa sabata, chifukwa mwana anapitadi ndipo wabwera wosangalala. Koma chiwongoladzanja ayi. Sindinasaine m'buku.

Wapampando: Ndamva mbali zonse. Maganizo anga ndi awa, ndipo Lamulungu tidzakweza manja. Atatu avomerawo alembedwe ngongole ku thumba lalikulu la masheya, K75,000 ibwerere ku zadzidzidzi tsiku lomwelo. Ya ana awiri a kwa agogo awo, K50,000, ndi ya aphunzitsi. Ya a tomato ilembedwenso, koma K5,000 ya pamwamba apereke aphunzitsi, poti ndiwo anamva eya pamene panalibe eya. Msungichuma ndi achimwene a kugolosale alipire chindapusa chimene gulu ligamule, ndipo bokosi ndi kiyi wawo zipite kwa ena mpaka tidzagawane. Agogo alibe mlandu.

Amayi a tomato: Nanga ine wa kiyi?

Wapampando: Inunso munapereka kiyi kunja kwa msonkhano mukudziwa kuti kutuluka ndalama. Chindapusa chikukhudzani.

Msungichuma: Ndavomera. Zaka zitatu ndasunga bokosi limeneli osasowa ngakhale K50, zikundiwawa, koma ndavomera. Bwanji titsegule mawa tiwapatse amake mapasa K45,000 yawo ku thumba lalikulu?

Wapampando: Ayi. Bokosi silitsegulidwanso mpaka Lamulungu 2 koloko, tonse tili pamphasa.

Aphunzitsi: Ndiye ndituma K30,000 ya m'thumba mwanga usiku uno pa Airtel Money, mudzaichotsere pa ngongole yanga. Ndi imene ndili nayo. Amake mapasa, ndinakulakwirani pa nthawi yowawa. Ndibwera kunyumba ndidzapepese pamaso.

Msungichuma: K15,000 yotsalayo ndituma ine, ndi yotapira yomwe.

Amake mapasa: Ndalandira zonse ziwiri, zikomo. Koma wa katapila uja akufuna K15,000 pamwamba pa K45,000 yake pofika pa 30. Imeneyo ine sindikanaidziwa ndalama yathu ikanakhala m'malo mwake. Alembi, muyike pa mndandanda wa zokambirana Lamulungu.

Mlembi: Ndalemba, ikhala yoyamba. Aphunzitsi mubwere ndi malisiti a lole ndi a zakudya. Wochedwa K500 monga mwa nthawi zonse.