Mwana wa Fomu 3 wandipanikiza pa za Rhodes

Madam Nabanda: Akuluakulu thandizeni msanga. Mu History tili pa mtsamunda Cecil Rhodes ndi kampani yake ya British South Africa Company (BSAC), ndiye mwana wina wapeza pa foni zoti Rhodes ankagona ndi amuna anzake. Kalasi yonse chiphokoso, period yatha osalemba notes za Rudd Concession, pangano la migodi la mu 1888 ndi Lobengula, mfumu ya Amandebele. Mawa akudikira yankho. Ndikanene chiyani?

Sir Chisale: Sizili mu silabasi. MANEB sifunsa yemwe Rhodes ankagona naye. Bwererani ku 1888 ndi Lobengula, basi.

Sir Mwale: Madam, zodziwika ndi izi. Rhodes sanakwatire mpaka kumwalira mu 1902. Ku Kimberley, ku South Africa, ankakhala nyumba imodzi ndi Neville Pickering, mlembi wa kampani ya dayamondi ya De Beers, ndipo mu wilo ya 1882 analemba kuti chuma chonse chidzakhale cha Pickering. Pickering atadwala mwakayakaya mu 1886, Rhodes anasiya za golide ku Witwatersrand, pamene aliyense ankalimbirana malo, nathamangira kukamudwazika mpaka kumwalira. Koma kalata kapena mboni yoti ankagonana palibe, n'chifukwa chake olemba mbiri amatsutsana. Auzeni zomwezo, ana aone pomwe umboni walekezera.

Sir Chisale: Period ndi mphindi 40 aMwale. Pickering abwera pa mayeso?

Madam Nagama: Samalani asisi. Ine ndinangoyankha funso la mlandu wa 1998 wa Canaan Banana, pulezidenti woyamba wa Zimbabwe, wogona amuna anzake, mwana kukanena kunyumba kuti kusukulu tikuphunzitsa mathanyula. PTA inandiitanitsa, ahedi anangoti duu ngati sakundidziwa. Kadziwitseni a HOD (mkulu wa dipatimenti) musanalowe m'kalasi, ndipo musalembetse chilichonse mu kope. Kope limafika kwa makolo.

Sir Banda: Chinanso, fufuzani kuti funsolo lachokera pati. Kwathu kuno funso lotere linali lofuna kunyoza mnyamata wina wofatsa wa m'kalasi momwemo, mpaka anajomba sabata yonse. Wina akangoyamba kutchula dzina la mnzake, dulani pomwepo.

Sir Mwale: Komatu mukathawa funso amakakhulupirira za pa TikTok.

Sir Chisale: Akhulupirire. Inspector akabwera aona schemes ndi records of work, osati chibwenzi cha Rhodes. Ndanena kale, sizili mu silabasi.

Madam Nagama: Inspector wake uti? Kwathu kuno tinamuona kalekale, msewu ukangogwa mvula galimoto sizifika.

Sir Banda: Kodi alipo ali ndi marking scheme ya mock ya History ya chaka chatha? Nditumizireni ku inbox, bundle ikutha.