Ndithandizeni nzeru: calculus m'kalasi ya anthu ambiri

Aphunzitsi anzanga, ndimaphunzitsa calculus (masamu oona mmene zinthu zimasinthira) kwa ophunzira a chaka choyamba kukoleji. Ma derivative (liwiro la kusintha kwa chinthu) amawapeza msanga, malamulo analoweza ngati nyimbo. Koma ndikajambula graph n'kufunsa pamene patsetsereka kwambiri, kalasi yonse zii. Pa limit (nambala imene manambala ena akuiyandikira) ndiye pali ntchito: amakanitsitsa kwamtuwagalu kuti 0.999... ndi yofanana ndi 1, akuti imangoyandikira, siifika.

Ndinawerengapo za Uri Treisman, katswiri wa masamu yemwe ku yunivesite ya Berkeley ku America m'ma 1970 anaona kuti ophunzira owerengera limodzi m'magulu ankakhoza calculus kuposa owerenga payekhapayekha. Nzomveka, koma anga ndi opitirira 100 m'chipinda chimodzi, projekita palibe.

Alipo anayesapo magulu pa chikhamu chotere? Munawagawa bwanji kuti aulesi asamangokopera? Nanga limit mumayamba ndi graph kapena manambala?