Funso la Cournot: ndikupeza 22.5 koma yankho ndi 30, ndikulakwitsa pati?

WaChakaChachitatu:

Akuluakulu, ndithandizeni. Ndikukonzekera mayeso a microeconomics, gawo la game theory (phunziro la mmene opikisana amasankhira zochita poganizira zomwe mnzawo achite), ndipo funso ili landizunguza mutu. Makampani awiri akupanga katundu wofanana, tinene matumba a simenti. Mtengo pamsika ndi P = 120 − Q, pomwe Q ndi matumba a makampani onse awiri pamodzi, q1 + q2. Kupanga thumba limodzi kumadya 30. Funso ndi lakuti kampani iliyonse ipange matumba angati pa Cournot equilibrium.

Ine ndinati popeza makampaniwa ngofanana, q1 = q2 = q, ndiye Q = 2q. Phindu la kampani imodzi ndi (120 − 2q − 30)q. Derivative yake (mmene phindu limasinthira q ikasintha pang'ono) ndi 90 − 4q, ndipo nditaiika pa 0 kuti ndipeze pomwe phindu lakwera kwambiri, ndinapeza q = 22.5. Koma yankho la aphunzitsi ndi 30. Chomwe chikundisokoneza kwambiri n'chakuti pa 22.5 phindu ndi 1012.5, pomwe pa 30 ndi 900 yokha. Zingatheke bwanji kuti yankho lolondola likhale lomwe likupatsa kampani ndalama zochepa?

NaMasamu:

Achemwali, derivative mwaitenga bwino. Mwalakwitsa nthawi yolowetsera q1 = q2, mwafulumira nayo. Mukalemba Q = 2q musanatenge derivative, ndiye kuti mwavomereza kuti kampani yoyamba ikawonjezera thumba limodzi, inzake iwonjezeranso limodzi nthawi yomweyo. Pamenepo dzanja limodzi ndilo likuyendetsa mafakitale onse awiri. Imeneyo si Cournot ayi, ndi makampani omwe agwirizana, kapena a mwini mmodzi. N'chifukwa chake mwapeza 22.5: mwini mmodzi akanapanga matumba 45 n'kuwagawa pakati.

Pa Cournot, kampani iliyonse imasankha matumba ake okha. A inzake imawawerengera ngati nambala yomwe siingathe kuisuntha. Yambani ndi kulemba phindu la kampani yoyamba, q1 ndi q2 zili padera: (120 − q1 − q2 − 30)q1. Tengani derivative pa q1 yokha, q2 musaikhudze. Mupeza 90 − 2q1 − q2 = 0, kutanthauza q1 = (90 − q2)/2. Imeneyi ndiyo best response, yankho la funso lakuti mnzanga akapanga matumba akutiakuti, ine ndipange angati. Muchitenso chimodzimodzi ku kampani yachiwiri, q2 = (90 − q1)/2. Mukafika apa m'pamene mwaloledwa kunena kuti q1 = q2. Zikupatsani 90 − 3q = 0, q = 30. Matumba onse ndi 60, mtengo ndi 60, phindu ndi (60 − 30) × 30 = 900 kampani iliyonse.

Musanapereke pepala, bwezerani yankho lanu mu best response. Mukaika 30 mutulutsa (90 − 30)/2 = 30, zagwirizana. Mukaika 22.5 mutulutsa 33.75, zasiyana, ndiye kuti si equilibrium. Sizitha ndi mphindi imodzi yomwe, koma zimapulumutsa malikisi a funso lonse.

Mlangizi_wa_Zachuma:

NaMasamu akonza masamu. Ine ndigwire funso lanu lomalizalo, chifukwa mutu wa phunziroli uli pamenepo ndipo ophunzira ambiri amalidumpha.

Cournot equilibrium ndi mtundu wa Nash equilibrium, ndipo Nash equilibrium sikutanthauza malo abwino kuposa onse. Ndi malo omwe palibe amene angapindule posintha yekha, anzake ali pomwe ali. Basi. Tsono tengani 22.5 wanuyo mumuyese. Makampani agwirizana kuti aliyense apange 22.5, mtengo uli pa 75, aliyense akudya 1012.5. Mkulu wa kampani yoyamba wakhala pansi ndi cholembera: ngati anzathuwa asunga pangano, ife tikapanga 33.75 zikhala bwanji? Matumba onse afika 56.25, mtengo utsika kufika 63.75, koma phindu lake likwera kufika pafupifupi 1139. Wosunga panganoyo watsala ndi pafupifupi 759. Ndipo mkulu wa kampani inayo ali ndi cholembera chakenso, akuwerengera zomwezo. Aliyense akakoka nsima kumbali yake, onse amathera pa 30, phindu 900. Kapangidwe kake n'kofanana ndi ka prisoner's dilemma: kugwirizana kumapindulitsa onse, koma aliyense payekha ali ndi chifukwa chophwanyira.

Chimagwetsa panganolo n'chakuti amene wawonjezera thumba amatsitsa mtengo wa matumba onse pamsika, ake ndi a mnzake omwe, koma iye amangowerengera kutsika kwa pa matumba ake. Zotayika za mnzake sizimupweteka.

Funso lotsatira m'mayeso limakonda kukhala lakuti, nanga makampaniwa akamakumana pamsika chaka ndi chaka popanda tsiku lothera? Pamenepo pangano likhoza kukhazikika ngati aliyense waopseza kuti wina akangophwanya kamodzi, onse abwerera ku 30 mpaka kalekale. Wophwanya amapeza chowonjezera cha 1139.06 − 1012.5 = 126.56 kamodzi kokha, kenako amataya 112.5 chaka chilichonse. Discount factor (nambala yosonyeza kulemera kwa phindu la chaka chamawa poyerekeza ndi la chaka chino) yofunika ndi 126.56 kugawa ndi (1139.06 − 900), yomwe ndi 9/17, pafupifupi 0.53. Ikaposa pamenepo, kusunga pangano kumalipira. Koma chenjerani ndi mawu a funso. Akanena kuti masewerawa atha pakapita zaka 5, ngakhale 50, panganolo limagwa lonse. Chaka chomaliza palibe choopa, onse aphwanya. Popeza akudziwa zimenezo, chaka chotsogozana nacho aphwanyanso, mpaka kufika chaka choyamba.

Ndipo musaiwale wogula. 22.5 ndi wabwino kwa makampani okha. Womanga nyumba akulipira 75 m'malo mwa 60. N'chifukwa chake malamulo amaletsa makampani kupangana mitengo, ndipo kuno ku Malawi ntchito yolondola zimenezi ndi ya Competition and Fair Trading Commission.

WaChakaChachitatu:

Zikomo kwambiri nonse awiri, tsopano zamveka. Nanga ndidziwe bwanji kuti funso likufuna Cournot, Bertrand kapena Stackelberg? Nthawi zina satchula dzina.

Wa_ku_Chirunga:

Achemwali, musanalembe nambala iliyonse dzifunseni zinthu ziwiri: akusankha chiyani, kuchuluka kwa katundu kapena mtengo? Ndipo akusankha nthawi imodzi, kapena wina akuyamba mnzake akuona? Manambala anu omwewa amapereka mayankho atatu osiyana kutalitali.

Akasankha kuchuluka nthawi imodzi, ndi Cournot, njira yomwe Augustin Cournot wa ku France anailemba mu 1838. Imayenera katundu yemwe kuchuluka kwake kumamangidwa kale, monga shuga: nzimbe zikadzalidwa, simungaziwonjezere mawa chifukwa mtengo wakwera. Akasankha mtengo nthawi imodzi, katundu ali wofanana ndendende, ndi Bertrand, ndipo pamenepo musatenge derivative ayi. Ganizirani zigayo ziwiri zoyang'anana pamsika umodzi. Mwini wa china akatsitsa pang'ono mtengo wa chitini, amayi onse amanyamula matumba awo kupita kwa iye. Pa manambala anu a simenti aja, makampani amatsitsirana mpaka mtengo ufike pa 30, matumba 90, phindu palibe. Yankho limenelo limagwira pokhapokha katundu ali wofanana ndipo kampani imodzi ingathe kukwanitsa msika wonse. Ndiye musathamangire kulemba kuti Airtel ndi TNM ndi chitsanzo cha Bertrand ya mtunduwu. Netiweki imagwira mosiyana malo ndi malo, ndipo munthu sataya nambala yomwe abale ake onse akuidziwa chifukwa cha kusiyana kochepa kwa mtengo wa bandulo.

Stackelberg ndiyo imagwetsa anthu ambiri. Wina amayamba, wina amatsatira ataona. Muiganizire ngati bawo: wodziwa kusewera satola nkhomo asanawerenge kuti mnzake adzadya pati akamaliza kutakata. Yambirani kumapeto. Wotsatira adzachita q2 = (90 − q1)/2, ndipo woyamba akudziwa zimenezi. Lowetsani best response imeneyi m'phindu la woyamba musanatenge derivative. Mupeza (45 − q1/2)q1, ndipo q1 = 45, q2 = 22.5. Mtengo ndi 52.5, woyamba apeza 1012.5, wotsatira 506.25. Onani bwino apa: chomwe chinali cholakwa pa Cournot, kulowetsa q2 derivative isanatengedwe, pano ndiye njira yolondola, chifukwa woyamba akusunthadi zochita za mnzake.

Aphunzitsi amakondanso kuwonjezera kuti wotsatira waopseza kuti woyamba akapanga 45, iye apanganso 45 kuti mtengo ugwe pa 30 onse aluze phindu. Chiopsezo chimenecho n'chopanda mano. Matumba 45 akakhala atapangidwa kale, wotsatira akusankha pakati pa 506.25 ndi 0, ndipo asankha 506.25. Subgame perfect equilibrium, ganizo la Reinhard Selten, ntchito yake ndi kuchotsa ziopsezo zotere.

Poyeserera, sinthani manambala pafunso lanu lomweli. Kampani yachiwiri ikamapanga thumba pa 45 m'malo mwa 30, njira yachidule ya q1 = q2 yafa, muyenera kuthetsa ma equation onse awiri: q1 = 35, q2 = 20, mtengo 65. Mukakweza 45 ameneyu kufika pa 80, masamu akupatsani q2 yochepera 0. Musailembe imeneyo, palibe fakitale yopanga matumba osakwana 0. Ikani q2 = 0, mubwerere ku best response ya kampani yoyamba, mupeza 45. Kenako yesani makampani 8 ofanana: aliyense apanga 90/(8 + 1) = 10, matumba onse 80, mtengo 40.