"Mphini yobwereza ndiyo imawala": kuwala kwake n'kotani?

Akuluakulu, ndithandizeni. Ino ndi sabata yachinayi chichitireni opaleshoni ya m'mimba, ndipo adokotala anandiletsa kunyamula ngakhale ndowa ya madzi. Kugona kutandikwana, ndinayamba kuphunzira kulemba zilembo zokongola ndi cholembera cha mlomo wophwatalala, choviika mu inki. Ndikutsata kalembedwe ka Edward Johnston, Mngelezi amene zilembo zake zili pa zikwangwani za sitima zapansi ku London. Cholembera chimapendeka madigiri 30 osasintha, ndipo msinkhu wa "o" umakhala milomo inayi ya cholemberacho. Ndikufuna kukopera Salimo 23 m'kabuku kosoka ndekha, Y woyambayo akhale wagolide, monga ankachitira amonke akale m'mabuku awo a zikopa za ana ang'ombe.

Dzulo azakhali anabwera kudzandizonda, nandipeza nditadzaza tsamba lonse ndi "o" yekhayekha, ena ngati mazira, ena ngati mbatata. Anangoti, "Limbikira mwanawe, mphini yobwereza ndiyo imawala." Ndinavomera mwaulemu, koma usiku mwambiwu unandisowetsa tulo. Pa ntchito iyi ukabwereza mzere womwewo wawononga, inki imasefukira ndipo chilembo chimanenepa. Nanga ndikayang'ana bala langali, ndani angafune kuti amubwerezepo? Kodi mphini yake ndi iti, ndipo imawala bwanji poti mphini ndi yakuda?

NaBanda:
Pepani ndi matenda, achimwene. Mphini zake ndi zodzikongoletsera zija. Agogo anga anali nazo pamphumi ndi m'masaya. Ankatema ndi lumo n'kutikitapo makala osinja. Bala likapola, zina zinkazilala, ndiye ankatemanso pomwepo. Kuwala apa si kwa nyali ayi, n'kuoneka bwino, munthu akadali patali. Ife kwathu ku Dedza amatiuza mwambiwu akamatibwerezera malangizo omwe tinawamva kale.

Aphiri:
Ine ndimayesa ndi mphini za asing'anga, zotemera mankhwala. Koma apo mayi mwandigonjetsa, pakuti ya mankhwala palibe amene amafuna kuti iwale, ambiri amaibisa m'malaya. Inu odwala, azakhali anu sankanena za kupondereza inki pa "o" mmodzi. Ankanena tsamba lonselo.

Wofunsa uja:
Zikomo nonse. Koma Aphiri, mwina mbali ina mwambiwu ukugwira ndendende. Lero ndayesa golide amene mwana wanga ananditumizira kuchokera ku Johannesburg, timapepala topyapyala toti ukangopuma molakwika tauluka. Umayamba wapaka gesso (phala la pulasitala wosakaniza ndi guluu) pa chilembo, aume. Kenako umamupumira "haa" kuti achite chinyezi, n'kuyalapo golide. Woyamba anatuluka wa zigamba, gesso akuonekera m'makona. Nditayalapo wachiwiri (golide amamatirira pa golide mnzake) n'kukhutiza ndi kamwala kosalala ka agate, Y uja anang'anima mpaka mkazi wanga anabwera kudzaona. Kale ena ankakhutiza ndi dzino la galu.

Vuto ndi "haa" ameneyo. Amachokera pansi pa mimba, pomwe pali bala. Ndapumira kawiri kokha, kachitatu ndinachita kuitana mdzukulu wanga, ndipo iye m'malo mopumira anauzira, golide theka n'kukamatirira pa katani.