Nyimbo ya Bee Gees ija akuti anabwerera nayo, kodi anali atapita kuti?

Mphwake_wa_Malume

Anthu abwino ndithandizeni apa. Loweruka lapitali tinali kwa malume ku Chilomoni kusuntha katundu poti denga likudontha, nde pansi pa bedi ndapeza katoni yodzadza ndi makaseti, ena nkhungu yokhayokha. Pa ina panalembedwa ndi bolopeni kuti BEE GEES ESP, malume kungoiona nkhope yonse ngwee, akuti mphwanga umu muli You Win Again, nyimbo imene anabwerera nayo anyamata amenewa. Choimbira kaseti pakhomopo chinafa kalekale nde ndaisaka pa YouTube, ayi ndithu ndi nyimbo, ng'oma yoyambirayo ngati amayi awiri akusinja mtondo umodzi. Koma ine Bee Gees imene ndimaidziwa ndi ya timawu tating'ono tija ta disiko, apa mawu ndi a mwamuna weniweni. Ndi anthu omwewo? Nanga kubwerera kwake anali atapita kuti? Malume akungoti "anawatsekera" basi, ukafunsa anawatsekera ndani akuseka nkumapukuta kaseti yawo ndi malaya.

Madala_a_Disiko

Mwana iwe malume akowo akunena zoona, ungowamvetsa. Ndi anthu omwewo, pachibale atatu, Barry wamkulu ndi mapasa Robin ndi Maurice, a kwa Gibb. Kuyambira 1977 mpaka 1979 anthu amenewa anatenga nambala wani ku America kasanu ndi kamodzi motsatizana, paliponse ukatsegula wailesi ndi iwo, mpaka anthu anakhuta nawo. Nde mu July 1979 ku Chicago, pa bwalo la Comiskey Park, woulutsa mawu wina dzina lake Steve Dahl anauza anthu kuti abwere ndi mbale za disiko ku mpira wawo uja wa baseball, anaziunjika pakati pa bwalo nkuziphulitsa, chigulu cha anthu chinalowa m'bwalo mpaka gemu yachiwiri siinaseweredwe. Kuchokera pamenepo disiko inasanduka chinthu chochititsa manyazi, ndipo nkhope ya disiko inali ya ndani? Ya iwowa. Mawailesi ena amachita kulengeza kuti wikendi ino simumva Bee Gees ngakhale imodzi, ngati akulonjeza anthu mphatso.

Mu 1981 anatulutsa chimbale cha Living Eyes chinangogwa chagada. Kenako ziii, kupatula nyimbo zochepa za mu filimu mu 1983, chimbale chawochawo kunalibe mpaka 1987 pamene anatulutsa E.S.P. ndi You Win Again yoyo. Ku Britain inafika pa nambala wani mu October ndipo inakhalapo masabata anayi, ku Germany, Switzerland, Ireland chimodzimodzi. Apo nkuti papita zaka 8 chitengereni nambala wani ku Britain, yomaliza inali ya 1979. Nde anakhala gulu loyamba kutenga nambala wani kumeneko m'ma 60, m'ma 70 ndi m'ma 80 momwe. Barry nkuti ali ndi zaka 41, mapasa 37, pa nyimbo za achinyamata amenewo amatengedwa ngati nkhalamba kale.

Ife nthawi imeneyo wailesi inali imodzi yokha ya MBC, ukaiphonya nyimbo waiphonya basi, nde amene anali ndi kaseti anali bwana. Ine yanga ndinajambulitsa kwa mnzanga wina amene mkulu wake amagwira ntchito ku Joni, kubweza tepi timazungulitsa ndi bolopeni ya Bic kuopa kutha mabatire, mabatirewo masana ali pa denga kuwotha dzuwa. Usaitaye kaseti imeneyo.

Nachisale_wa_ku_Leeds

Madala mwafotokoza bwino koma mwasiya mbali yokoma kwambiri. Ine ndimakana zoti anthuwa anapita kwinakwake, sanapite kulikonse, anangobisala kuseri kwa anthu ena. Achimwene amene mwafunsanu, nyimbo ija ya Kenny Rogers ndi Dolly Parton, Islands in the Stream, imene saiphonya pa ukwati uliwonse kwathuko akwati akamalowa mu holo, mukudziwa analemba ndani? Anyamata atatu omwewa, 1983, ndipo inatenga nambala wani ku America komweko kumene amati sakuwafuna. Woman in Love ya Barbra Streisand 1980, Barry ndi Robin. Heartbreaker ya Dionne Warwick 1982, iwo. Chain Reaction ya Diana Ross inakhala nambala wani kuno ku Britain mu 1986, mukamvetsera bwino kumbuyoko mawu a Barry akumveka poyera. Ndiye anthu amakana mphika koma nsima yake akudya tsiku lililonse nkumanyambita zala kkkk. Vuto silinali nyimbo ayi, linali dzina.

Umboni wake ndi womwewu, You Win Again dziko lonse la kuno ku Ulaya likuvina, ku America inangofika pa nambala 75 nkubwerera. 75 abale! Mawailesi a kumeneko anali asanakhululukebe. Kuno anthu a msinkhu wa mayi anga mpaka lero ikangolira pa phwando la Khirisimasi kuntchito onse amadzuka, pali nesi wina wachikulire timagwira naye usiku, ameneyo amasiya tiyi pa tebulo nkuyamba kuponda pansi motsatira ng'oma ija, dii, dii, mpaka tima supuni kulira mu kapu.

DJ_Kachiwaya

Aaa koma akuluakulu tisanamizane, nyimboyo ndi yabho koma makina a m'ma 80 achuluka, ma kiyibodi aja lero amamveka ngati nyimbo ya mu foni yakale. Kwa ine kubwerera kwenikweni kwa Bee Gees ndi 1975, Jive Talkin'. Apo nkuti atatheratu, akuimba m'timakalabu ta kumpoto kwa England anthu akudya osawalabadira, nde anapita ku Miami nkusintha kaimbidwe konse, kampani inatumiza mbale ku mawailesi popanda dzina lawo pamwamba kuti ma DJ asaiponye mu bini asanaimvere. Inakwera mpaka nambala wani ku America. Uko nde kuuka kwa akufa. 1987 anali ndi ndalama zawo kale, amalemba nyimbo za ena akudya bwino, anavutika chani?

Madala_a_Disiko

Iwe Kachiwaya ndalama ndi zina, kutsekeredwa pakhomo ndi dzina lako ndi zina. Koma pa 1975 sindikutsutsa, ndipo chimene sunanene nchakuti amene anawajambula nthawi zonse ziwirizo ndi munthu mmodzi, Arif Mardin. Zitavuta anabwerera kwa sing'anga yemwe anawachiza poyamba. Za makinazo usanyoze, ng'oma imene mwanayu akuti mtondo ija anaipanga Maurice mu galaja kunyumba kwake, ndipo anthu ambiri amawauza kuti aichotse kapena aitsitse, iwo anakana. Lero ukangomva masekondi awiri oyamba wadziwa kale kuti ndi nyimbo iti, ndi angati amakwanitsa zimenezo? Inatenganso mphoto ya Ivor Novello ya nyimbo yolembedwa bwino, osati ya kugulitsa ayi, ya kalembedwe.

Chimene chimandiwawa ine nchakuti chisangalalo chake sichinakhalitse. March 1988, miyezi isanu yokha, mng'ono wawo Andy anamwalira ali ndi zaka 30 zokha. America inadzawatsegulira mu 1989 ndi nyimbo ya One imene inafika pa nambala 7, koma mtima unali utasweka kale. Maurice anatisiya 2003, Robin 2012.

Mphwake_wa_Malume

Zikomo kwambiri madala, asisi a ku Leeds mwandiphera ukwati wanga, chaka chatha ndinalowa mu holo ndi nyimbo imeneyo ndikuti ndi ya Kenny yekha kkkk. Ndawawerengera malume zonsezi pa foni, pofika pa 75 paja anachita kudzuka pa mpando akuti aMereka alibe makutu. Akutinso mu 1998 anthuwa atabwera kudzaimba ku Pretoria iwo anali ku Joni komweko koma ya tikiti inasowa, mpaka pano zimawanyansa. Pano andituma ndikasake choimbira kaseti mu Limbe, akuti ya pa YouTube siikumveka bwino chifukwa ilibe kaphokoso kaja ka sssss. Alipo akudziwa amene amakonzabe zimenezi? Lamba wa mkati ndi amene anaduka.