Dzina la mwana wa Limbani, ndi za Loweruka

LAMULUNGU MADZULO

Limbani: Mwaswera bwanji nonse. Atitulutsa kuchipatala masana ano, tafika bwino kunyumba ku Chinamwali. Mayi ndi mwana onse ali bwino, mnyamata akuyamwa mwamphamvu. Pa kabuku ka kusikelo malo a dzina sitinalembepo kanthu. Ndati ndisatsogole akuluakulu muli pompano.

Azakhali Domasi: Lulululu! Ambuye alemekezeke. Apongozi, mwachira bwanji? Muzimwa phala lotentha ndi thobwa kuti mkaka ubwere wambiri. Ine ndifika mawa ndi minibasi yam'mawa.

Asiyatu: Ndachira bwino azakhali, zikomo. Msana wokha ndi umene ukundivutabe.

Chikondi Joni: Achimwene, chithunzi chija chandilizitsa. Mphuno ndi ya ababa yeniyeni. Dzina ine ndabwera nalo kale: Liam. Ndi lalifupi, ndipo akadzakula n'kupita kunja palibe amene adzavutike kulitchula.

Azakhali Domasi: Chikondi mwana wanga, tadikira kaye. Kwathu kuno mwana woyamba amatchulidwa ndi akuchimuna, ndipo wamkulu amene watsala ku chimunako ndine. Mlongo wanga wapita osamuona mdzukulu wakeyu. Ndikufuna dzina lake libwerere pakhomo.

Kondwani: Liti azakhali? Pa chiliza tinalemba John, koma inu nthawi zonse munkawatchula Mavuto.

Azakhali Domasi: Onsewo ndi ake. Anabadwa mu 1949, chaka cha njala yoopsa ija, anthu akudya mizu ndi gaga. Amayi anali atataya kale ana awiri. Ndiye agogo athu atamuona anati uyu ndi Mavuto. La John anadzalitenga atakula, pobatizidwa ku mishoni ya Domasi.

Chikondi Joni: Pepani azakhali, koma Mavuto ayi. Mwana wosalakwa timusenzetse dzina lotere?

Azakhali Domasi: Sindinati timutche Mavuto. Koma usalinyoze dzinalo ngati temberero. Makolo athu analibe makope olembamo, mbiri ya pakhomo ankaisunga m'mayina. Ukamva Masautso, Mavuto, Nditani, Pilirani, udziwe kuti panali chimene chinachitika. Ena ankatcha mwana dzina loipa dala kuti imfa imunyanyale, imudutse. Ndipo taona, atate ako anakula, anabereka inu nonse, anaona imvi.

Asiyatu: Ndilankhuleko pang'ono, makolo anga. Ababa ku Songani aimba foni. Akuti mwana anabadwa Lachisanu, ndiye tsiku lachisanu ndi chiwiri likhala Lachinayi. Ku Chisilamu limenelo ndi tsiku lometa mwana tsitsi, kumutcha dzina ndi kuzinga mbuzi, ziwiri akakhala wamwamuna. Iwo akudziwa kuti dzina ndi la akuchimuna, sakulanda. Angopempha kuti pofika Lachitatu usiku akhale atalimva. Anatchulako Yusufu kapena Yahaya, ngati mungalole kuti likhalepo lachiwiri.

Limbani: Ndiye nthawi yatichepera. Amalume, mukuwerenga koma simukuyankha.

Malume Matawale: Ndinali ku mapemphero a kumudzi, ndangolowa. Ndawerenga zonse kuyambira pamwamba. Mundilole ndilembe motalikirapo, chifukwa mukukangana pa zinthu zimene zili pafupi kuposa mmene mukuganizira.

Malume Matawale: Ndiyambe ndi la alamu anga malemu. John ndi mmene Angerezi amatchulira, koma dzinalo si lawo. Linachokera ku Chiheberi, Yohanan, ndipo limatanthauza kuti Yehova wachita chisomo. Agiriki analitenga, Aroma n'kulitengera kwa Agiriki, kenako linafalikira ndi mpingo, mtundu uliwonse n'kulipinda mogwirizana ndi lilime lake. Ku France ndi Jean, ku Spain Juan, ku Italy Giovanni, ku Russia Ivan, ku Ireland Sean. Apwitikizi a ku Mozambique kuseri kwa nyanja ya Chilwa kuno amati João. Ife m'Baibulo lathu timati Yohane. Onsewa ndi dzina limodzi.

Malume Matawale: Tsopano apongozi, mvetserani apa. Yahaya amene atchula bambo anu ndi mneneri, mwana wa Zakariya, amene nkhani ya kubadwa kwake ili kumayambiriro kwa Sura ya Maryam. Ife kutchalitchi munthu yemweyo timamutcha Yohane Mbatizi, mwana wa Zakariya ndi Elizabeti. Azakhali apempha John, a ku Songani apempha Yahaya, osadziwana, koma onse aloza munthu mmodzi.

Asiyatu: Amalume, zoona? Ku madrasa tinaphunzira za Yahaya koma palibe anandiuzapo kuti ndi Yohane wa kutchalitchi.

Malume Matawale: Ukawafunse bambo ako kapena ashehe, akakuuza zomwezi. Ndipo chimene chimandikhudza ine pa nkhani ya mwana ameneyu n'chakuti nayenso abale anakangana pa dzina lake. Kawerengeni Luka 1 kuyambira ndime 59. Tsiku lachisanu ndi chitatu achibale anafuna kumutcha Zakariya, dzina la bambo ake. Mayi ake anakana. Iwo anati pa abale ako palibe wa dzina limeneli. Mpaka anakodola bambo, amene nthawi imeneyo sankatha kulankhula, ndipo iye analemba yekha kuti mwanayo ndi Yohane. Choncho tisachite manyazi kuti tikukokana, ndi mmene mabanja amakhalira. Koma onani kuti pamapeto anafunsidwa ndi makolo a mwana.

Kondwani: Nanga Yusufu, amalume?

Malume Matawale: Ameneyo ndi Yosefe, nalonso la Chiheberi. Rakele atakhala nthawi yaitali osabereka, atabala mwana anapempha kuti Yehova amuwonjezere wina, Genesis 30:24. Tanthauzo lake ndi limenelo, awonjezere. Mukuona kuti anthu amenewa ankatcha ana monga ankachitira agogo anu ku Domasi? Isake ndi kuseka, chifukwa makolo ake anaseka atamva kuti abereka ku ukalamba. Yemweyo Rakele pomwalira pobereka anatcha mwana wake womaliza Benoni, mwana wa chisoni changa, bambo ake n'kusintha kuti Benjamini. Benoni ndi Mavuto ndithu. Ife tinangozolowera kuwamva mayinawa ngati achizungu chifukwa anafika ndi amishoni.

Chikondi Joni: Chabwino amalume, koma Liam wanga mwangomudumpha.

Malume Matawale: Sindinamudumphe mphwanga. Liam ndi chidule cha anthu a ku Ireland cha dzina la William. William anachokera ku Chijeremani chakale, mawu awiri ophatikiza: kufunitsitsa, ndi chisoti chachitsulo chotetezera mutu pankhondo. Si dzina loipa. Agogo ako akanati Wiliyamu. Ndipo a Wilisoni, a Jakisoni, a Robisoni amene adzaza m'midzi mwathumu, kachidutswa komaliza kaja kwa Angerezi kamatanthauza mwana wamwamuna wa uje. Wilson ndi mwana wa Will. Kwa eni ake anali mayina a banja, ife tinawasandutsa oyamba. Ngakhale malemu Bingu wa Mutharika anabadwa ali Brightson Webster Ryson Thom, anadzasintha yekha atakula. Chimene ndikukana ine pa Liam n'chimodzi chokha: mwanayu akadzafunsa kuti munanditchuliranji, tidzamuuza chiyani? Kuti linali lalifupi?

Chikondi Joni: Inu simunakhale kunja amalume. Kuno abwana anga analephera kutchula Chikondi, mpaka pano amanditcha Connie. Zimawawa. Sindikufuna mwana wa achimwene adzasinthidwe dzina ndi anthu ena.

Malume Matawale: Ndakumva, ndipo zimawawadi. Konko kumene uliko Mandela anabadwa ali Rolihlahla, la Nelson anapatsidwa ndi mphunzitsi wake tsiku loyamba kusukulu. Koma taona mbali inayi. Banda anatenga la Hastings kwa mmishoni wa ku Scotland, komabe limene dziko lonse linagwira ndi Kamuzu, kamuzu kakang'ono ka mankhwala. Kofi Annan anatsogolera bungwe la United Nations kuyambira 1997 mpaka 2006 ndi dzina la kwawo, ndipo azungu analiphunzira. Wosatha kutchula Chikondi ndi waulesi chabe, dzina lako lilibe mlandu.

Kondwani: Pa Kofi pomwepo, tili ndi mnzathu wa ku Ghana ku Chanco kuno. Akuti kwa Aakan mwana amatenga dzina la tsiku limene wabadwa. Kofi ndi mnyamata wa Lachisanu, Kwame wa Loweruka, monga Kwame Nkrumah. Wathuyu ndi wa Lachisanu, akanakhala Kofi.

Asiyatu: Kwathunso zilipo zimenezo. Juma ndi wa Lachisanu, Hamisi wa Lachinayi. Mchimwene wanga wamkulu ndi Juma chifukwa chomwecho.

Limbani: Kondwani, amayi ali pafupi? Sanalankhulepo, ndipo amene anakhala ndi ababa zaka zonsezi ndi iwo.

Kondwani: Ndawawerengera zonse. Akuti ndilembe motere, mawu awo: "Ine la Mavuto sindifuna kulimvanso pakhomo panga, linakwana. La John ndikalimva mtima umandipweteka, chifukwa ndi limene ndinkaitana m'nyumba. Koma Yohane ndingathe, ndi lake lomwe koma silindibaya. Ndipo pakhale dzina la Chichewa loti ndizimuitana ndikamubereka kumbuyo."

Azakhali Domasi: Alamu anga andiliza. Ine ndinkafuna John monga zilili pa chiliza, koma sindinaganizire kuti amene adzaliitana tsiku ndi tsiku ndi iwo. Ndigonere, ndiyankha mawa ndikamunyamula mwanayo.

LOLEMBA

Azakhali Domasi: Ndamunyamula. Ndamuyang'ana nthawi yaitali. Yohane ndavomera. La Chichewa ndasiyira eni ake.

Limbani: Zikomo azakhali. Takambirana ndi mayi a mwana usiku. Popeza amalume ati Yohane amatanthauza kuti Mulungu wachita chisomo, tikufuna la Chichewa likhale Chisomo. Mukudziwa nonse kuti mimba yoyamba ija inapita padera. Kwa ife dzinali si longokongoletsa.

Chikondi Joni: Chisomo si la atsikana? M'kalasi mwathu ku Mulunguzi a dzina limeneli onse anali atsikana.

Kondwani: Ndi la onse achemwali, ngati Chikondi lanulo, ngati Mphatso ndi Madalitso. Mayina athu ambiri sasankha mwamuna kapena mkazi.

Chikondi Joni: Chabwino, ndagonja. Koma Liam ndamusunga, wanga akadzabwera musadzanditsutse.

Malume Matawale: Ikadzafika nthawiyo tidzakhala pansi. Tsopano chinthu chofunika, ndikulankhula ngati munthu amene ndalembetsa ana mayeso kwa zaka zambiri. Mayina amene mulembe pa chiphaso cha kubadwa cha NRB akhale omwewo kusikelo, ku sukulu, pa mayeso a Sitandade 8 mpaka MSCE, m'ndondomeko yomweyo ndi kalembedwe komweko. Ndaona ana akuvutika chifukwa pena analemba John, pena Yohane, pena anayamba ndi la bambo. Ndiye funso ndi ili: Yahaya alembedwe kapena ayi?

Asiyatu: Ndawaimbira ababa. Poyamba anakhala chete. Kenako anati za Yahaya ndi Zakariya akuzidziwa, koma akufuna amve kwa akuluakulu pamaso, osati pa foni kudzera mwa mwana wawo. Ine mtima wanga ukufuna lilembedwe. Ndi mwana wa kuno, komanso ndi mwana wa ku Songani.

Malume Matawale: Bambo ako akunena zoona, nkhani yotere siyenda pa foni. Mawa ndipita ndi ankhoswe. Azakhali, mutidikire pa Songani cha m'ma 10 koloko, tikalowe limodzi. Za ubatizo pasapezeke woiyambitsa kumeneko, imeneyo ndi ya Limbani ndi mkazi wake, ili ndi tsiku lake.

LACHIWIRI USIKU

Malume Matawale: Tabwerako, atilandira bwino kwambiri. Tagwirizana kuti pa chiphaso palembedwe Chisomo Yohane Yahaya, kenako la banja. Ine ndinanena kuti awiri omalizawo ndi dzina limodzi, limodzi likanakwana. Iwo anati nyumba ziwiri zonse zioneke pa pepala. Ndinaona kuti ndi maganizo abwino kuposa anga. Lachinayi abwera ndi ashehe ku Chinamwali, mbuzi ziwiri agula okha. Azakhali ndi amene atchule dzina.

Azakhali Domasi: Nsalu ndi bulangete la mwana ndagula kale, wotcha dzina sapita chimanjamanja. Tsopano za phwando la mwana, lichitike Loweruka poti Lachinayi ambiri muli kuntchito. Nyama ya mbuzi yambiri igawidwa tsiku lomwelo kwa anansi ndi osowa, ndiye tisadalire imeneyo. Tigule nkhuku zachikuda, ndipo azizinga a ku Songani kuti aliyense adye momasuka. Ya nkhumba isaoneke, mowanso ayi. Amene ali ndi ludzu akamwere kwawo.

Limbani: Anthu tikuyembekeza ngati 40. Ogwira ntchito aliyense K25,000, tumizani pa Mpamba kapena Airtel Money kwa Kondwani pofika Lachinayi madzulo. Kondwani, uzilemba pano amene watumiza.

Chikondi Joni: Ine nditumiza za anthu awiri kudzera pa Mukuru mawa, ndi zovala za mwana zikubwera pa basi ya sabata yamawa. Mundiimbire pa vidiyo azakhali akamatchula dzina, ndipempha kuchoka msanga kuntchito.

Azakhali Domasi: Mpunga nditenga kuno ku Domasi, makilo 20. Chimera ndili nacho, thobwa ndiphika Lachinayi usiku kuti pofika Loweruka likhale litakoma. Kondwani, Lachisanu upite kumsika waukulu ukagule tomato, anyezi, kabichi ndi mafuta. Ukapeze matemba ouma a ku Kachulu, amayi ako sadya nkhuku.

Kondwani: Ndamva. Mipando ndipempha kutchalitchi, koma wonyamula ndilibe.

Malume Matawale: Ndikambirana ndi mwana wa aneba amene ali ndi kalole. Nkhuni ndani?

Limbani: Nkhuni ndi makala ndi ine. Azimayi ophika afike 6 koloko m'mawa, madzi kuno amakonda kusiya kutuluka dzuwa likakwera. Ndidzaza migolo Lachisanu usiku.

Asiyatu: Azakhali, mchombo sunagwebe. Ukapanda kugwa pofika Loweruka, mwana atuluke panja?

Azakhali Domasi: Ayi apongozi, akhala m'nyumba, anthu azilowa awiriawiri atasamba m'manja. Usaikepo chilichonse pa mchombopo, uzingoonetsetsa kuti ndi pouma. Pakafiira kapena pakayamba kununkha, Limbani athamange naye kuchipatala nthawi yomweyo. Ndibwera Lachitatu madzulo, ndigona konko.