Kodi matenda a kadyedwe akuchulukadi, kapena tangoyamba kuwawerenga bwino?

Mlangizi_wa_achinyamata:
Akuluakulu, ndithandizeni. Kafukufuku wa Galmiche ndi anzake wa 2019 akuti odwala matenda a kadyedwe, monga kudzimana chakudya kapena kudya mosadziletsa, anali 3.5 peresenti ya anthu pakati pa 2000 ndi 2006, koma pakati pa 2013 ndi 2018 anafika 7.8 peresenti. Ena akuti anorexia, matenda odzimana chakudya poopa kunenepa, sinasinthe kwenikweni kwa zaka zambiri. Zoona ndi ziti? Nanga manambala amenewa akugwira ntchito kwathu kuno?

Wazowerengera:
Zonse ziwiri n'zoona, a Mlangizi, kungoti akuwerenga zinthu zosiyana. Musanakhulupirire nambala iliyonse, funsani kaye: awerenga odwala atsopano pachaka, odwala panopa, kapena onse amene anadwalapo pamoyo wawo? Nambala ya 7.8 ndi ya odwala pa nthawi ya kafukufuku, matenda onse kuwaphatikiza pamodzi.

Chachiwiri, malire a matendawa asuntha. William Gull ndi Charles Lasègue analongosola anorexia mu 1873, koma bulimia, matenda odya mosadziletsa kenako n'kudzisanzitsa, inapatsidwa dzina ndi Gerald Russell mu 1979. Buku la DSM-5, limene madokotala amagwiritsa ntchito pozindikira matenda a maganizo, litatuluka mu 2013, linasintha zinthu zitatu zazikulu. Kudya kwambiri mosadziletsa kunakhala matenda paokha. Mtsikana sakufunikanso kusiya msambo kuti atchedwe wa anorexia. Ndipo pa bulimia, kudya mosadziletsa kenako kudzisanzitsa kamodzi pamlungu kwa miyezi itatu n'kokwanira, pomwe kale kunali kawiri. Munthu yemweyo amene mu 2005 sakanalowa m'gulu lililonse lodziwika, mu 2015 amawerengedwa.

N'chifukwa chake ine ndimadalira kwambiri kafukufuku amene sanasinthe muyeso. Ku Netherlands anatsata madokotala a m'madera m'zaka za 1985-1989, 1995-1999 ndi 2005-2009. Odwala anorexia atsopano anali 7.4, 7.8 kenako 6.0 pa anthu 100,000 pachaka. Bulimia inatsika: 8.6, 6.1 kenako 3.2. Koma mkati mwa nambala yosasinthayo, atsikana a zaka 15 mpaka 19 odwala anorexia anawonjezeka m'zaka za m'ma 1990. Apa mpamene pamafunika maso, chifukwa chiwerengero cha dziko lonse chimabisa gulu limene likudwala kwambiri.

Namwino_wa_ana:
Ndiwonjezerepo kuti manambala a kuchipatala amachepa nthawi zonse. Kafukufuku wa mapasa ku Finland wa 2007 anapeza kuti pafupifupi theka la akazi amene anadwalapo anorexia sanadziwike kuchipatala. A bulimia amabisika kuposa pamenepo, poti thupi lawo limaoneka labwinobwino. Amuna ndiye amachedwa kudziwika. Ku America, kafukufuku wa Hudson wa 2007 anapeza kuti kudya mosadziletsa kunagwirapo akazi 3.5 peresenti ndi amuna 2.0 peresenti, pomwe anorexia inali 0.9 ndi 0.3. Choncho matenda ofala kwambiri si amene amaonekera pathupi.

Kuchepa kwa anorexia kusatipusitse. Arcelus ndi anzake mu 2011 anapeza kuti odwalawa amamwalira kuwirikiza pafupifupi kasanu ndi kamodzi poyerekeza ndi anzawo a msinkhu womwewo, ndipo imfa imodzi mwa zisanu imakhala yodzipha. Kudzisanzitsa ndi kumwa mankhwala otsegula m'mimba kumatsitsa mchere wa potassium m'magazi mpaka mtima kusokonezeka kagundidwe. Ndipo munthu amene wadzimana nthawi yaitali samupatsa chakudya chambiri kamodzin'kamodzi, chifukwa mchere wa phosphate umatsika m'magazi m'masiku oyambirira. Amadyetsedwa pang'onopang'ono achipatala akuyeza magazi.

Mlangizi_wa_achinyamata:
Zikomo kwambiri. Ndiye kusukulu tingangogawa mafunso 26 ofufuzira vuto la kadyedwe otchedwa EAT-26 n'kuwerenga amene apeza mapointi 20 kupita m'mwamba?

Wakafukufuku:
Ayi ndithu, a Mlangizi, musalekere pamenepo. EAT-26 ndi sefa chabe: imakuuzani woti mukhale naye pansi, siikuuzani kuti akudwala. Ku South Africa, Le Grange ndi anzake mu 2004 anapeza achinyamata a m'mabanja osauka akupeza mapointi ambiri, koma atacheza nawo, zinadziwika kuti ambiri ankayankha choncho chifukwa cha umphawi ndi njala. Mwana amene wagona ndi njala akafunsidwa ngati amaganiza za chakudya nthawi zonse, adzavomera, ndipo sakunama.

Chitani magawo awiri. Gawani mafunso kwa onse, kenako wodziwa ntchito acheze ndi onse amene apeza mapointi ambiri, komanso ena ochepa mwa otsika, kuti muone amene sefa yawaphonya. Funsani ngati chakudya chilipo pakhomo, ngati akusala pa zifukwa za chipembedzo, ndipo munthu wowonda ayezedwe TB, HIV ndi shuga.

Koma tisamanenenso kuti awa ndi matenda a azungu okha. Ku Nadroga m'dziko la Fiji, kumene anthu ankakonda thupi lodzaza, TV inafika mu 1995. Anne Becker anapeza kuti chaka chimenecho panalibe mtsikana wa sukulu amene ananena kuti amadzisanzitsa pofuna kuwonda, koma mu 1998 anali 11.3 peresenti. Atsikana ofunsidwawo anali ochepa, ndiye musatenge nambalayi ngati ya dziko lonse la Fiji. Inuyo mukafuna kuona kusintha pasukulu panu, bwerezani pakatha zaka zingapo ndi mafunso omwewo, msinkhu womwewo, ndiponso mwezi womwewo, chifukwa mayankho a mu February nthawi ya njala sangafanane ndi a mu June anthu atakolola.